Kufika pa Zipangizo za Kunyumba Muli Kutali: Mmene Ndaonera No-IP ndi DuckDNS

M'nyumba mwanga muli zipangizo zitatu zimene ndimafuna kuzifika ngakhale pamene ndili pa ulendo: kabokosi kosungiramo mafayilo kamene amakatchula kuti NAS, kamera imodzi yoyang'ana pakhomo, ndi kakompyuta ka Raspberry Pi kamene kamayaka usana ndi usiku. Kwa zaka zoposa ziwiri ndakhala ndikuzifika kudzera pa mayina amene ndinatenga kwaulere ku No-IP ndi ku DuckDNS, ndipo ndaganiza zofotokoza mmene ndaonera ntchito ziwirizi, chifukwa anthu ambiri amene amandifunsa za nkhaniyi amayembekezera kuti DDNS, njira yopatsa nyumba dzina losasintha pa intaneti ngakhale adiresi yake izisintha, iwachitira zinthu zimene siinapangidwire. Ndineneretu kuti zonse ziwiri zimachita bwino zimene zinalonjeza, koma zimene zinalonjezazo ndi zochepa kwambiri kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira.

Vuto limene DDNS imathetsa n'losavuta kulimva. Nyumba ikalumikizidwa pa intaneti imapatsidwa adiresi ya IP, imene kawirikawiri imakhala manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, ndipo munthu wodziwa manambalawo angathe kugogoda pa rauta ya m'nyumbamo, kabokosi kamene kamagawa intaneti ku zipangizo zonse, kuchokera kulikonse. Koma adiresiyo si yanu, ndi yobwereka. Maadiresi a mtundu wakale wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo bungwe la IANA, limene limayang'anira maadiresiwa padziko lonse, linagawa zigawo zake zomaliza mu Febuluwale 2011, choncho makampani opereka intaneti amangowabwereketsa n'kumawasinthasintha pakati pa makasitomala awo. Magetsi akazima n'kuyakanso, kapena nthawi yobwereka ikatha, mungapatsidwe adiresi ina popanda wokuuzani, ndipo manambala amene munalemba pakapepala musananyamuke mumapeza kuti lero akuloza kunyumba kwa munthu amene simukumudziwa n'komwe.

Dongosolo la DNS, limene Paul Mockapetris anakonza mu 1983, ndi kaundula amene amasunga dzina lililonse la pa intaneti pamodzi ndi adiresi yake. DDNS ndi kaundula yemweyo, kungoti amalola kuti mzere wanu uzifufutidwa ndi kulembedwanso nthawi iliyonse imene adiresi yasintha. Kapulogalamu kakang'ono kamene kali mu rauta kapena mu kompyuta ya m'nyumba kamatumiza uthenga wonena kuti dzina lakuti tsopano lili pa manambala akuti, ndipo popeza yankho la mayina oterewa limasungidwa kwa masekondi 60 okha m'maseva ena asanafunsenso, kusinthako kumafalikira mwachangu. Ntchito yonse ya DDNS yathera pamenepa. Siitsegula khomo lililonse pa rauta yanu, siibisa zimene mukutumiza, ndipo siitchinga munthu aliyense. Kwa zaka zambiri dzina limene aliyense ankatchula pa nkhaniyi linali DynDNS, moti marauta ena akale amalembabe mawu amenewa, koma kampaniyo inasiya kupereka mayina aulere mu Meyi 2014, ndipo kumapeto kwa 2016 Oracle inalengeza kuti ikuigula. Anthu ambiri amene anasowa kolowera panthawiyo anasamukira ku ntchito ziwiri zimene ndikukamba pano.

Ndinayamba ndi No-IP, imene imayendetsedwa ndi kampani ya Vitalwerks ya mumzinda wa Reno ku Nevada ndipo yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira mu 1999. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imadziwika paliponse. Pafupifupi rauta iliyonse imene ndagwirapo, komanso makina ambiri ojambulira a makamera achitetezo, ali ndi dzina la No-IP pa mndandanda wa DDNS, choncho munthu safunika kulemba lamulo lililonse. Mumatsegula akaunti, mumasankha dzina lothera ndi mawu monga ddns.net kapena hopto.org, mumalowa pa tsamba la rauta n'kulemba dzinalo pamodzi ndi zokuzindikiritsani, basi mwatha. Kwa ine zonsezi sizinatenge mphindi 15. Kwa amene rauta yawo ilibe malo amenewa, pali pulogalamu yotchedwa DUC imene imaikidwa pa Windows, Mac kapena Linux, ngakhale kuti imeneyi imathandiza pokhapokha ngati kompyutayo sizimitsidwa. Ndinasangalalanso kuona kuti masiku ano amalola kupanga kiyi yapadera yoika mu rauta, m'malo moikamo pasiwedi yeniyeni ya akaunti, chifukwa rauta si malo abwino osungira chinsinsi chimene chimatsegula zinthu zambiri.

Chimene chimatopetsa pa akaunti yaulere ya No-IP ndi lamulo lakuti dzina liyenera kutsimikizidwa masiku 30 alionse. Amakutumizirani imelo, mumadina, mumadutsa tsamba lokulimbikitsani kuti muyambe kulipira, kenako mumatsimikiza kuti dzinalo mukulifunabe. Sindikuona cholakwa pa zimenezi, popeza kampani ili ndi antchito oti iwalipire ndipo mayina osiyidwa amafunika kuchotsedwa, koma munthu ayenera kudzifunsa moona mtima ngati ndi wosunga nthawi chonchi mwezi ndi mwezi. Chipangizo chimene mumachifuna kamodzi pa miyezi itatu ndicho chimene mudzachipeze chitataya dzina tsiku lomwe mwachifunitsitsa, makamaka ngati imeloyo inagwera mu bokosi la mauthenga osafunika. Amene amalipira savutika ndi lamuloli, ndipo kwa munthu amene akuikira DDNS makolo ake kapena ofesi yaing'ono imene sadzaiyendera kawirikawiri, ine ndingalangize kulipira kusiyana ndi kudalira kuti munthu wina azikumbukira.

Pali nkhani ina ya No-IP imene ndi yofunika kuikumbukira, osati pofuna kuinyoza, koma chifukwa imasonyeza mmene mayina aulere alili. Pa 30 Juni 2014, Microsoft, itatenga chilolezo cha khoti ku United States, inalanda madomeni oposa 20 a kampaniyi, kutanthauza mathero a mayina monga hopto.org, ponena kuti zigawenga za pa intaneti zinkagwiritsa ntchito mayina ena a m'madomeniwo poyendetsa mapulogalamu oononga. Cholinga chinali chotchinga mayina oipa okha, koma zimene zinachitika n'zakuti anthu ochuluka kwambiri osalakwa analephera kufika pa makamera ndi maseva awo kwa masiku angapo, mpaka madomeniwo atabwezedwa kumayambiriro kwa Julayi. Dzina lanu likakhala pansi pa domeni ya eni ake, mlandu wa mlendo wina wokhala nawo pa domeniyo ungathe kukugwerani. Izi n'zoona kwa No-IP, n'zoonanso kwa DuckDNS ndi ena onse opereka mayina aulere, ndipo n'chifukwa chake mabungwe ena amatchingiratu madomeni oterewa pa netiweki zawo, moti mungadabwe kuona kuti dzina lanu likutsegula pa foni koma likukana pa kompyuta ya kuntchito.

DuckDNS ndi yosiyana kwambiri pa kaonekedwe ndi pa khalidwe. Webusaiti yake ndi yosakongoletsedwa, ili ndi chithunzi cha kabakha kachikasu ndi mawu ochepa, ndipo simupanga pasiwedi yatsopano, mumangolowa pogwiritsa ntchito akaunti imene muli nayo kale monga ya Google kapena ya GitHub. Mukalowa mumaona mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene amautchula kuti token, ndi kabokosi kolembamo dzina limene lidzathere ndi duckdns.org. Amalola mayina asanu kwaulere, ndipo safuna kuti muziwatsimikiza mwezi uliwonse. Ntchitoyi imayendetsedwa pa maseva a Amazon Web Services ndipo imadalira zopereka za anthu ofuna kwabwino. Kusintha adiresi kumachitika potsegula ulalo umodzi umene muli dzina lanu ndi token yanu. Pa Raspberry Pi yanga ndinalemba kafayilo ka mzere umodzi, n'kuuza cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo panthawi zoikika, kuti izikayendetsa mphindi zisanu zilizonse monga mmene malangizo awo amanenera, ndipo nditatsegula fayilo yosunga yankho ndinapezamo zilembo ziwiri zokha, OK. Mukalakwitsa chilembo chimodzi pa token, yankho limatembenuka n'kukhala KO, popanda kufotokoza china chilichonse. Kuuma kumeneku ine ndimakukonda, chifukwa palibe chobisika ndipo chilichonse chimene chingathe kutsegula ulalo chingathenso kugwira ntchitoyi, koma ndikudziwa kuti munthu amene sanazolowere kulemba malamulo pa kompyuta angaone ngati wasiyidwa pa mphambano popanda womulozera njira.

Zofooka zake ndi zitatu zimene ndiyenera kuzitchula. Marauta ambiri ogulitsidwa kwa anthu wamba alibe DuckDNS pa mndandanda wawo, choncho pamafunika rauta yolola kulemba ulalo wanuwanu, kapena chipangizo china chosazima chimene chizitumiza uthengawo. Palibenso ofesi imene mungaimbire zinthu zikavuta, ndipo palibe pangano lililonse lakuti ntchitoyi izipezeka nthawi zonse, zimene n'zomveka pa chinthu chimene simukulipira. Chachitatu, token imodzi ndiyo imalamulira mayina anu onse, moti munthu akaiona, mwina pa chithunzi chimene mwatumiza pofunsa thandizo, angathe kulozetsa dzina lanu kumakina ake. Mwamwayi pa tsamba lawo pali batani lopangira ina yatsopano. Kumbali ya ubwino, DuckDNS imalola kulemba mzere wa TXT, wosungamo mawu apadera m'kaundula, ndipo zimenezi zimathandiza kutenga satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, yothandiza kubisa zimene mukutumiza, popanda kutsegula port 80, limodzi mwa makomo a manambala a pa rauta, chinthu chimene anthu ogwiritsa ntchito Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba, amachidziwa bwino popeza pulogalamuyo ili ndi chowonjezera chochitira zonsezi pamodzi. Satifiketi zoterezi zimalembedwa m'makaundula oonekera kwa aliyense, choncho munthu asaganize kuti dzina lake ndi lachinsinsi atangotenga satifiketi.

Ndisanapitirire, nditchule mwachidule kuti njira si ziwiri zokhazi. Opanga zipangizo ena amapereka mayina awoawo, monga Asus ndi asuscomm.com, TP-Link ndi tplinkdns.com, Synology ndi synology.me, ndipo ngati rauta yanu ili ndi zimenezi n'kwanzeru kuyamba mwayesa pamenepo, podziwa kuti tsiku limene mudzasinthe rauta n'kugula ya kampani ina dzinalo lidzatsalira. Amene ali ndi domeni yawoyawo angaiike ku kampani ya Cloudflare n'kumasintha adiresi ndi pulogalamu ya ddclient, ndipo kukhala ndi domeni yanuyanu ndiyo njira yokhayo imene dzina limakhala lanudi.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chinandidyera nthawi kwambiri, chimenenso ndikuona kuti ndicho chimagwetsa ulesi anthu ambiri. Nditasintha kampani yondipatsa intaneti, mayina anga onse awiri anasintha adiresi bwinobwino, fayilo ija inapitiriza kulemba OK, koma palibe chipangizo ngakhale chimodzi chimene chinkayankha ndikakhala kunja. Madzulo a masiku awiri ndinakhala ndikufufuta ndi kulembanso malamulo a mu rauta, ndikukayikira kamera, ndikukayikira foni, mpaka ndinayang'ana pamalo pamene ndinayenera kuyambira. Pa tsamba la rauta, pamzere wolembedwa WAN, umene umaonetsa adiresi imene kampani yapatsa rautayo, panali adiresi yoyamba ndi 100, pamene webusaiti yoonetsa adiresi imene dziko likukuonerani inkandiuza manambala ena osiyana kotheratu. Uku ndiko kumene amakutchula kuti CGNAT: chifukwa cha kuchepa kwa maadiresi, kampani imaika nyumba zambiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndipo rauta iliyonse imapatsidwa adiresi yam'kati yochokera pa chigawo choyambira pa 100.64.0.0 kufika pa 100.127.255.255, chimene chinapatulidwa mu 2012 kuti chizigwira ntchito imeneyi. Zikatero, DDNS imalemba mokhulupirika adiresi ya chipata cha kampaniyo, koma wogogoda pachipatacho sangalozeredwe kunyumba kwanu, chifukwa makiyi a chipatacho si anu. Izi n'zofala kwambiri pa intaneti ya 4G ndi 5G komanso ya satelayiti, ndipo zikuchulukanso pa intaneti ya mawaya.

Choncho munthu asanatsegule akaunti kulikonse, ayambe wayerekezera manambala awiriwa, ntchito imene siitenga mphindi zitatu. Akafanana, DDNS imuthandiza. Akasiyana, ndipo a mu rauta akuyamba ndi 192.168, n'kutheka kuti vuto lili m'nyumba momwemo, pamene rauta yanu yalumikizidwa kuseri kwa kabokosi ka kampani kamenenso kakugwira ntchito ngati rauta, ndipo zimenezi zimakonzeka posintha kabokosiko kuti kazingodutsitsa. Koma akakhala a CGNAT, palibe chimene No-IP kapena DuckDNS ingachite, ngakhale mutalipira. Chotsala ndi kupempha kampani kuti ikupatseni adiresi yoonekera kunja, zimene ine ndinachita ndipo zinatheka, kapena kugwiritsa ntchito IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, ngati ilipo kunyumba ndi kumene muli, popeza ntchito zonse ziwirizi zimalandira maadiresi a mtunduwu, kapenanso kusiya DDNS n'kutenga njira monga Tailscale ndi ZeroTier zimene zimalumikiza zipangizo popanda kutsegula khomo lililonse. Ndiwonjezere kachinthu kena kamene kamasokoneza ambiri: poyesa ngati dzina likugwira ntchito, zimitsani Wi-Fi pa foni n'kuyesa ndi data, chifukwa marauta ena salola kuti munthu amene ali m'nyumba afike pa zipangizo za m'nyumba momwemo kudzera pa dzina lakunja, ndipo mungataye tsiku lonse mukukonza chinthu chimene sichinaonongeke.

Dzina likayamba kugwira ntchito, pamatsala kuuza rauta kuti wogogoda pa port yakuti azimupititsa ku chipangizo chakuti, ndipo apa ndi pamene malangizo ambiri amathamanga pomwe anayenera kuyenda pang'onopang'ono. Masiku oyambirira ndinatsegula port 22 kuti ndizilowa mu Raspberry Pi ndi SSH, njira yolembera malamulo pa kompyuta imene ili kutali, ndipo tsiku lisanathe fayilo yosunga mbiri ya olowa inali ndi mizere yambirimbiri ya alendo oyesa mayina monga root, admin ndi pi, wina pambuyo pa mnzake, usiku wonse. Sikuti anadziwa dzina langa la DDNS. Makina amenewa amangoyenda pa maadiresi onse a IPv4 motsatana n'kumagwedeza chitseko chilichonse, ndipo webusaiti ya Shodan yakhala ikusonkhanitsa zipangizo zotseguka chonchi kuyambira mu 2009. Zotsatira za makomo osiyidwa chotsegula zinaonekera pa 21 Okutobala 2016, pamene pulogalamu yoipa ya Mirai, imene inali italowa m'makamera, m'marauta ndi m'makina ojambulira ambirimbiri poyesa mapasiwedi pafupifupi 60 ochokera nawo kufakitale, inagwiritsidwa ntchito kuthira nkhondo maseva a Dyn, kampani ija ya DynDNS, moti Twitter, Netflix, Reddit ndi mawebusaiti ena akuluakulu anavuta kutsegula kwa maola ambiri ku United States ndi ku Ulaya. Kampani imene inaphunzitsa anthu kufika pa makamera awo ali kutali inagwetsedwa ndi makamera a mtundu womwewo. Mu 2022 pulogalamu ina yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo a anthu ambiri amene mabokosi awo a NAS anali oonekera pa intaneti, n'kumafuna dipo kuti iwatsegulire.

Pa chifukwa chimenechi sindingalangize munthu aliyense kulozetsa port mwachindunji ku kamera, ku tsamba loyendetsera NAS, kapena ku port 3389 ya Remote Desktop, yoyendetsera kompyuta ya Windows muli kutali, ngakhale bukhu la chipangizocho litanena kuti muchite choncho. Kusintha nambala ya port kuti ikhale yachilendo kumachepetsa phokoso m'mafayilo a mbiri, koma sikutchinga munthu wakhama. Ndibwinonso kuzimitsa UPnP pa rauta, chifukwa imalola zipangizo kudzitsegulira makomo zokha mwininyumba osadziwa. Zimene ndinachita ine ndi kutseka zonse n'kusiya khomo limodzi, port 51820 ya UDP, yopita ku WireGuard, pulogalamu yopanga njira yobisika pakati pa foni ndi nyumba, imene ili pa Raspberry Pi. WireGuard, imene Jason Donenfeld analemba ndipo inalowa mu Linux mu 2020, ili ndi khalidwe limene likugwirizana bwino ndi ntchitoyi: siyankha chilichonse kwa munthu amene alibe kiyi yoyenera, choncho kwa makina ofufuza aja khomolo limaoneka ngati khoma. Ndikalumikiza foni, imakhala ngati ili m'nyumba, ndipo kamera ndi NAS ndimazifika pa maadiresi ake am'kati. Pa dongosolo limeneli DDNS yatsala ndi ntchito imodzi yokha, youza foni kumene nyumba ili lero, ndipo imeneyi ndiyo ntchito imene imaidziwa.

Pa ziwirizi, ine ndakhazikika pa DuckDNS monga dzina langa lenileni, chifukwa ndili ndi kakompyuta kosazima ndipo sindifuna kuti dzina langa lenilenilo lizidalira imelo ya mwezi ndi mwezi. Dzina la No-IP ndinalisiya mu rauta kuti likhale lachiwiri, popeza rauta imatumiza uthenga payokha ngakhale Raspberry Pi itafa, ndiponso n'zokayikitsa kuti ntchito ziwiri zosiyana zingavute tsiku limodzi. Munthu amene akufuna kungodina pa tsamba la rauta n'kumaliza, ndipo sadandaula kutsimikiza dzina kapena kulipira, No-IP imuyenera kuposa DuckDNS. Pa liwiro sindinaone kusiyana kulikonse kofunika kukutchula. Nthawi zimene ndinayambitsanso rauta dala kuti adiresi isinthe, No-IP inkadziwa msanga chifukwa rauta imanena pompopompo, pamene DuckDNS inkadikira kuti mphindi zisanu za cron zikwane, ndipo kuchedwa kumeneku kunali kwa dongosolo langa, osati kwa iwo.

Kachilema kamodzi katsalabe pa dongosololi, ndipo si ka DDNS koma ka mmene WireGuard inapangidwira. Pulogalamuyi imafunsa adiresi ya dzina kamodzi kokha, panthawi imene mukulumikiza, ndipo siifunsanso. Ngati adiresi ya kunyumba yasintha muli olumikizidwa kale, foni imapitiriza kutumiza ku manambala akale ngakhale kaundula atakonzedwa kalekale, ndipo chithunzi cha kamera chimangoima. Pa kompyuta ya Linux pali kafayilo kotchedwa reresolve-dns kamene kamabwera ndi zida za WireGuard kothetsera zimenezi, koma pa foni ndimangozimitsa kulumikizako, n'kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuyatsanso.